Ndinaika RAM ya 8 GB, kompyuta n'kumaona 4

Kashopu kanga kali pa Kamuzu Road, kuseri kwa pomwe amaima anyamata a kabaza. Ndimatayipa, kupulinta ndi kukonza makadi a ukwati, ndipo zonsezi zili pamsana pa Dell OptiPlex 790 imodzi yomwe ndinagula kwa munthu. Inali ndi RAM imodzi ya 4 GB (RAM ndi kachipangizo komwe kompyuta imasungirapo zomwe ikugwira pa nthawiyo). Ndikatsegula CorelDRAW limodzi ndi Chrome, kasitomala ankatha kupita kukagula chinangwa n'kubwera isanatsegukebe.

Alamu anga akupita ku Lilongwe, ndinawatuma RAM ina ya 4 GB, ya mtundu wa DDR3. Ndinaika madzulo omwewo, kuyatsa, kuyang'ana pa System, tsamba la Windows loonetsa zomwe kompyuta ili nazo: 4 GB. Palibe chasintha.

Foni pomwepo. "Alamu, akugulitsani chakufa." Iwo akuti, "Inu alamu, anayesa ine ndikuona." Ndinadula ndili ndi mawu ambiri mumtima.

M'mawa mwake, mutu utazizira, ndinachita zomwe ndikanayamba nazo. Ndinayatsa n'kumadina F2 mpaka kulowa mu BIOS, kapulogalamu ka m'kompyutamo komwe kamayamba Windows isanatseguke. Pamenepa mpomwe mlandu umagamulidwa: BIOS ikaona 8 koma Windows n'kumaona zochepa, vuto ndi Windows. Ikaona 4, vuto lili m'bokosimo. Yanga inkaona 4.

Ndinazula chingwe cha magetsi, kukhudza chitsulo cha bokosi kuti magetsi a m'thupi asawononge kanthu, n'kuyamba kuyesa RAM imodziimodzi pa slot (kampata kolowetsamo RAM) yoyamba. Yakale inayaka. Ya alamu nayonso inayaka bwinobwino. Apa manyazi anayamba kundigwira. Yakale ija nditaisamutsira pa slot yomwe ndinaikapo yatsopano dzulo lake, sikirini inangoti bii.

Nditawalitsa tochi ya foni mu slot imeneyo, ndinaona fumbi lofiirira litaumbika ngati dothi la chiswe, ndi kaphiko ka kachirombo pakona. Aliyense wokhala ku Salima kuno akudziwa zomwe mwera umatichita mu June ndi July. Fumbi la pamsewu limalowa paliponse, chinyezi cha kunyanja n'kuliumitsa. Slot imeneyi inakhala yosatseka zaka zonsezi. Ndinaisesa ndi mswachi wouma, kupopera mpweya ndi pampu ya njinga ya mnyamata wina wa kabaza (pakamwa musapemerere, malovu ndi madzi), kenako timano tagolide ta RAM ndinatipukuta pang'onopang'ono ndi labala ya pensulo. Pobwezera ndinakanikiza mbali zonse mpaka timapini tiwiri togwira RAM m'mbali mwa slot titalira kuti "ka". Dzulo lake mwina kanalira kamodzi kokha, sindinalabadire.

BIOS: 8192 MB, yomwe ndi 8 GB. Ndinaomba m'manja ndekha m'shopu.

Chimwemwe sichinakhalitse. Windows inalemba 8 GB, koma yogwiritsa ntchito 3 ndi kanthu. Ndinayamba ndi msconfig, kapulogalamu kosinthira kayakidwe ka Windows, pa Boot kenako Advanced options, poti kabokosi ka Maximum memory kakachongedwa kamadula RAM. Sikanachongedwe. Yankho linali mzere wapansi pa System pomwepo, womwe ndakhala ndikuudumpha chigulireni kompyutayi: 32-bit operating system. Windows ya 32-bit simadutsa 4 GB, ndipo pa 4 yomweyo gawo lina limapita ku graphics ndi zipangizo zina. Ngakhale muike 16 GB, yomwe ndi malire a kompyuta imeneyi, izingoona zomwezo. Komanso palibe batani losinthira, muyenera kuika Windows ya 64-bit kuyambira pachiyambi.

Loweruka lonse linathera pa kukopera mafayilo a makasitomala ku hard drive ina ndi kusaka driver, kapulogalamu koyendetsera pulinta. Magetsi anathimanso pakati, ndinachita kuyambiranso.

Lamulungu ndinakwera kabaza kupita kwa alamu ku Kaphatenga nditanyamula chambo ziwiri za ku Senga Bay. Atandiona pachipata anangoti, "Chakufa chija chadzuka?"