Za Mkulu Amene Ndinamupatsa Moni ku Manchester

Popeza kanema uja wondionetsa ndili ndi mkulu wina pa benchi wazungulira kale pa WhatsApp kuchokera ku Manchester mpaka ku Nchalo, ndipo ngakhale anthu amene sitinayankhulanepo chichokereni kusukulu ayamba kundifunsa ngati mkulu uja anandiyankha, ndaona kuti ndi bwino ndifotokoze ndekha mbali imene alamu anga sanajambule. Iwo anayamba kujambula nkhani ili pakati, ndipo munthu wojambula nkhani ili pakati sakhala ndi cholinga chabwino.

Ndikuvomera kuti ndine amene ndinakana kukwera tram, sitima yamagetsi yoyenda m'misewu ya mumzinda. Ndinawauza alamu kuti mwana wa mlimi wa thonje sangaone mzinda wa thonje kudzera pawindo, makamaka mzinda umene mu 1902 unabala bungwe lolimbikitsa ulimi wa mbewuyi m'maiko olamulidwa ndi Britain, kuphatikizapo kwathu. Ndinkafuna kuponda ndi mapazi anga pamene pankathera thukuta la makolo. Tinayambira ku Castlefield, kumene Aroma anamanga linga lawo cha m'ma 79 AD, ndipo tinaima pa Liverpool Road kuyang'ana siteshoni ya sitima ya 1830, nyumba yooneka wamba kwambiri moti mukanaiona ku Limbe mukanaiyesa ofesi ya kampani imene inatsekedwa kalekale. Kuchokera pamenepo ndinalamula kuti titsate ngalande ya Rochdale, imene inatsegulidwa yonse mu 1804, mpaka tikafike ku Ancoats, kumene kuli mafakitale a njerwa zofiira amene ena mwa iwo anayamba kupota thonje chaka cha 1800 chisanafike. Pa mapu panali pafupi.

Chimene mapu sanena n'chakuti mu Disembala dzuwa la kumeneko limalowa 4 koloko isanakwane, ndiponso kuti mvula ya ku Manchester siigwa kuchokera kumwamba monga mvula yolongosoka, koma imangoyandama m'malere n'kumafunafuna munthu wovala magalasi. Tinadutsa zitseko zikuluzikulu zamatabwa zotsekera madzi a m'ngalande, tinadutsa pansi pa milatho yachitsulo, ndipo ine ndinkawerenga njuchi zojambulidwa pa mabini a zinyalala, pakuti njuchi ndiyo chizindikiro cha mzindawu, kukumbukira khamu la antchito a m'mafakitale. Foni yanga inazima ndi kuzizira. Alamu anati akagule khofi ndipo ndiwadikire pomwepo, koma ine, posafuna kuoneka ngati katundu wosungitsidwa, ndinapitirira pang'ono n'kulowa m'kapaki kena kotchedwa Sackville Gardens kuti ndifunse njira ya ku Ancoats.

Pa benchi panakhala bambo wina yekhayekha, wovala jekete, mpango wofiira uli m'khosi. Mpango umenewu muukumbukire, chifukwa unali wansalu yeniyeni, ndipo amene anaumanga pamenepo ndiye ayenera kuimbidwa mlandu. Ine ndinaleredwa ndi agogo amene ankati munthu wamkulu sumufunsa kanthu uli chiimire ngati mtengo wa magetsi. Choncho ndinavula chipewa mvula ili m'mutu, ndinawerama pang'ono, ndipo ndinapereka moni wa Chingerezi chabwino kwambiri chimene ndakhala ndikusunga chichokereni Fomu 4.

Bamboyo sanayankhe. Izi sizinandidabwitse, chifukwa alamu anali atandichenjeza kale kuti azungu ena sakonda kuyankhulitsidwa ndi munthu wosamudziwa. Ndinabwereza moni uja mokweza, poganiza kuti mwina makutu anayamba kutha. Atakhalabe chete, ndinaona kuti ndalakwitsa pofulumira, ndipo ndinakhala pansi kumapeto kwa benchi, n'kusiya mpata waulemu pakati pathu, kuti ndiyambe bwinobwino monga munthu wochokera pakhomo pa anthu. Ndinawauza dzina langa ndi dziko langa. Ndinawafotokozera kuti Malawi si Mali. Ndinayamikira mzinda wawo, ndinadandaula nawo za nyengo, ndipo ndinafika mpaka pa mitengo ya thonje ku Chikwawa, iwo akungoyang'ana kutsogolo ndi nkhope ya munthu amene akuganizira mozama zimene akumva. Kunena zoona, m'moyo wanga wonse sindinapezepo munthu womvetsera bwino chotero, ndipo m'mtima ndinayamba kuwayerekeza ndi anthu ena a m'banja mwathu amene sindiwatchula.

Apa m'pamene kanema uja akuyambira. Ndinaona kuti m'dzanja lawo lamanja muli apozi, dzanjalo lili chotambasula pang'ono, ndipo ndinazindikira kuti mkuluyu, ngakhale ndi wosayankhula, ndi wopatsa. Ndinakana mwaulemu, n'kunena kuti ndadya kale, ngakhale kuti chimene chinali m'mimba mwanga ndi tiyi wa m'mawa yekha. Dzanja silinabwerere. Ndinakananso kachiwiri, ndikugwira pamtima. Dzanja linakhalabe pomwepo, mvula ikudontha pa apozi uja, ndipo ndinayamba kuchita manyazi, chifukwa kwathu ukakana chakudya kachitatu ndiye kuti ukumuganizira mwini wake zoipa. Ndinasendera pafupi, ndinapinda bondo limodzi, ndipo ndinatambasula manja onse awiri monga ankandiphunzitsira agogo, n'kunena kuti zikomo kwambiri.

Apozi anakana kuchoka. Ndinakoka pang'ono, poganiza kuti zala za mkuluyu zauma ndi chisanu. Ndinakokanso ndi mphamvu yoonjezera, ndipo amene mwaonera kanema mukudziwa kuti panthawi imeneyi phazi langa lamanzere linali litaponda mwendo wa benchi kuti ndipeze polimbira. Anthu akunena kuti ndinalimbana ndi chipatsocho kwa mphindi yathunthu. Ine ndikuti sizinapitirire masekondi khumi, ndipo theka la nthawiyo ndinali nditayamba kale kukayika, chifukwa dzanja la munthu, ngakhale wa ku England, silizizira ngati mpope wa pa mjigo m'mwezi wa Juni. Nditakweza maso n'kupukuta magalasi ndi chala, ndinaona kuti nkhope, tsitsi, jekete ndi benchi yomwe, zonse zinali za mtundu umodzi wa mkuwa.

Kumbuyo kwanga kunamveka mawu a munthu amene akulephera kupuma. Alamu anali atakhala pansi pa udzu wonyowa, khofi atatayika, koma foni ili chilili m'dzanja.

“Alamu, musiyeni munthuyo adye apozi wake,” anatero. “Wakhala akumusunga kuyambira 2001.”

Anandiuza kuti ameneyo ndi Alan Turing, katswiri wa masamu amene anathandiza kumasulira mauthenga achinsinsi a asilikali a Germany pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, kenako n'kudzagwira ntchito ya makompyuta oyambirira pa yunivesite ya Manchester kuyambira 1948 mpaka imfa yake mu 1954. Anaonjeza kuti nkhope yomweyo ili pa ndalama ya mapaundi 50, ndipo ndikanakhala kuti ndinaigwirapo ndalama yoteroyo ndikanamuzindikira msanga. Mawu amenewa ndinawamva kuwawa kuposa kanema yense.

Ndikufuna kuti zidziwike kuti chiboliboli chimenechi n'chachikulu ngati munthu weniweni, sichinaikidwe pamwamba pa chipilala monga zimakhalira ziboliboli zaulemu, ndipo pa benchipo anasiyapo dala malo okhala. Ngati mzinda ukukhazika munthu wamkuwa pamalo okhala anthu, mumdima, atavala mpango, usadabwe mlendo woleredwa bwino akamupatsa moni. Ndipo mwa onse amene mukuseka, sindikudziwa kuti ndi angati amene mukanapinda bondo.

Ku Ancoats sitinafike. Tinakwera tram yomwe ndinaikana ija, ine nditakhala phee, thalauza itanyowa pa bondo limodzi. Chipewa changa ndinachiiwala pa benchi pomwepo, ndipo alamu akuti atadutsako patapita masiku awiri sanachipeze.