Sabata imodzi pa chipata cha Mwanza

Lolemba ndinafika kuofesi kusanache bwino, ndipo ndinapeza mathiraki atandanda kale mumsewu wochokera ku Zóbuè, tsidya la Mozambique. Ambiri anali ochokera ku doko la Beira, ena ku Durban kudzera ku Zimbabwe ndi Tete, atasenza feteleza, matayala ndi zitsulo. Madalaivala ena anali akupakula nsima pa mbaula m'mbali mwa thiraki, maso ali gwa kuofesi kwathu. Munthu wogona panjira amafuna chidindo basi kuti azipita kwawo, ndipo ine ndimawamvetsa.

Ntchito ya kasitomuyi ndinaiyamba tili pansi pa dipatimenti ya Customs and Excise, bungwe lotolera misonkho la MRA lisanayambe kugwira ntchito mu 2000. Masiku amenewo tinkalemba zonse pamanja, madzulo zala zili bii ndi kaboni. Lero ejenti woimira mwini katundu amalowetsa Form 12, fomu yofotokoza za katundu, mu pulogalamu ya pakompyuta ya ASYCUDA World, kompyuta n'kusankha yokha: katundu uyu adutse, uyu tionenso mapepala, uyu titsegule kontena. Lachiwiri lonse linathera pa makontena otere.

Za Lachitatu ndi zimene zandikhalabe mumtima. Basi ya ku Johannesburg itafika, mnyamata wathu watsopano anabwera kwa ine nkhope ili yofiira. "Bwana, pali mayi wina ali ndi malisiti abodza. Mabulangete okhuthala chonchi, mtengo ngati wa mpango!" Ndinati awabweretse. Mayiwo analowa akunjenjemera, mwana ali kumbuyo, Form 47, fomu yolembapo katundu wa apaulendo, ili m'manja asanailembe n'komwe.

"Mayi, khalani pansi. Mabulangetewa munagula ndalama zingati zenizeni?"

Anakhala chete kanthawi, kenako anamasula mfundo ya chitenje n'kutulutsa kakope kopindika. M'menemo munali mitengo yonse mu ma rand, yolembedwa ndi pensulo, ngakhale ya wonyamula katundu pa siteshoni. Malisiti aja anachita kugula kwa munthu wina amene anawaopseza kuti a kasitomu amalanda chilichonse. Tinawerengera limodzi msonkho pogwiritsa ntchito kakope kaja, ndipo ndalama yake inachepa kuposa imene ankaopa. Analipira, analandira lisiti la boma, koma ndalama imene anapatsa wakuba uja inali itapita kale. Zimenezi zimandipweteka kwambiri. Amayi ochita geni ambiri amaluza mpamba chifukwa cha mantha, pomwe akanangofika pa kauntala n'kufunsa.

Lachinayi ejenti wina anasiya envelopu pa tebulo langa, ati ya madzi akumwa. Ndinamuitanitsa pamaso pa anzanga awiri, ndinam'bwezera, nkhaniyo n'kuilemba m'buku. Kontena yake tinaitsegulabe, ndipo munali katundu woposa amene analemba.

Lachisanu ndinakhalira malipoti opita ku Msonkho House ku Blantyre, ntchito yosasangalatsa koma yosathawika kwa wamkulu wa pa chipata. Usiku anyamata olondera anagwira njinga zingapo zikuzembetsa katundu m'njira zachidule.

Loweruka m'mawa ndikudutsa pa kauntala ndinamva mawu a mnyamata watsopano uja. Patsogolo pake panali bambo wachikulire ali ndi zikwama ziwiri zamizeremizere, thukuta lili kamukamu. Mnyamatayo anakoka mpando n'kunena kuti, "Bambo, khalani pansi kaye. Muli ndi pamene munalemba mitengo yake?"