Zomwe Tinakaona ku Mulanje: Utoto wa Katondo ndi Mangolongondo

Tinanyamuka pa boma la Thyolo 6 koloko itangokwana, kuli chiperoni choti minda ya tiyi imaoneka mizere iwiri yokha ya m'mbali mwa msewu. Tinalipo aphunzitsi 14 ochokera m'sukulu 7 za m'zoni yathu, tonse ophunzitsa phunziro la zaluso la Expressive Arts kuyambira Sitandade 5 mpaka 8, ndipo a PEA athu, omwe ndi alangizi a sukulu za pulayimale m'zoni, ndiwo ankatitsogolera. Ya minibasi tinasonkha tokha kwa miyezi iwiri.

Ulendowu unabadwira ku TDC, malo omwe aphunzitsi a m'zoni timakumanirako, tsiku lomwe tinakhala pansi n'kuuzana zoona. Phunziro la Expressive Arts linabwera ndi silabasi ya pulayimale yotchedwa PCAR yomwe inayamba kulowa m'sukulu mu 2007, ndipo linamanga mtolo umodzi nyimbo, magule, zisudzo, zojambula, zoumba, zosoka ndi masewero olimbitsa thupi. Mabuku ochokera ku MIE, bungwe lokonza silabasi la ku Domasi, amanena momveka kuti mwana apange chinthu ndi manja ake. Koma ambirife tinavomera kuti timangolemba manotsi pa bolodi. Ine ndemwe ndaphunzitsapo kuumba mphika m'kalasi mopanda dongo ngakhale lodzaza chikhatho, ana n'kukopera masitepe 6 m'makope, n'kukhoza mayeso, osadetsa chala. Zakhala zikundiwawa zaka zambiri. Chifukwa chomwe tonse tinkapereka chinali chimodzi: zipangizo palibe. Apo m'pamene a PEA anatiuza za sukulu ina ya kutsinde kwa phiri la Mulanje, yomwe ilibe ndalama kuposa ife, koma ana ake amajambula ndi kuimba sabata iliyonse.

Tinadutsa pa Luchenza, kenako pa Chonde pomwe pali likulu la Mulhako wa Alhomwe, ndipo pofika pa Chitakale tinakhotera njira ya ku Likhubula. Nkhungu inayamba kuyera, thanthwe la Chambe n'kutulukira patsogolo pathu. Sitinaime. Ahedi a kumeneko anali atatiuza kuti tikafike ana asanapite ku buleki.

Atatilonjera sanatilowetse mu ofesi. Anatitengera kuseri kwa buloko ya Sitandade 6, komwe tinapeza amayi atatu a gulu la amayi a pasukulupo atakhala pa mkeka, pali mtondo, sefa ndi mabeseni. Apa ndi pomwe ndinakhalitsa, ndipo ndifotokoza mwatsatanetsatane chifukwa aliyense angathe kuzichita mawa.

Katondo amamukumba nyengo yadzuwa, kumuyanika, kumusinja ndi kumusefa ngati ufa. Akatero amamuviika m'madzi usiku wonse. M'mawa amatsanulira pang'onopang'ono madzi ofiirawo m'beseni lina, mchenga n'kutsalira pansi, ndipo chomwe chimadikha m'beseni lachiwirilo ndi phala losalala ngati mafuta odzola. Palokha likauma limayoyoka papepala, choncho amalisakaniza ndi phala lamadzimadzi la ufa wa chinangwa, lomwe limagwira ntchito ya guluu. Wakuda amapanga ndi makala osinja, woyera ndi dothi loyera la kudambo, ndipo wa khofi ndi masamba a tiyi owiritsa kwambiri. Wobiriwira amafinya m'masamba a maungu, koma anatichenjeza kuti umenewu sukhalitsa, pakatha masiku umafwifwa. Mabulashi ndi timitengo tosasantha kunsonga, nthenga za nkhuku ndi ulusi wa khonje womangirira ku kansungwi. Pojambulapo ndi makatoni ndi mapepala a matumba a simenti.

Ndinafunsa mayi wamkulu pa atatuwo kuti anaphunzira kuti zimenezi. Anandiyang'ana modabwa. "Aphunzitsi, kodi kwanu simuzira nyumba? Dothi lake ndi lomweli. Ife timadziwa pokumba lofiira, pokumba loyera, pokumba lakuda. Madamu anangotiuza kuti tilisefe kwambiri kuti liyende papepala." Ndinakumbukira anganga anga akukongoletsa khonde ndi mizere ya dothi la mitundu itatu Khirisimasi ikayandikira. Nzeru imeneyi ndinakula nayo pakhomo, koma sindinaiganizirepo ngati chipangizo cha m'kalasi. Ku koleji anatiphunzitsa TALULAR, kuti tiziphunzitsa ndi zinthu zopezeka komwe tili, ndipo ambirife tinangoimvetsa ngati kutola zitsekerero za mabotolo zowerengera masamu.

Kenako tinalowa m'kalasi. Munali ana 96. Madamu a Sitandade 6 anali atawagawa m'magulu 8, ndipo gulu lililonse linali ndi mtsogoleri wokatenga zipangizo ndi kuzibweza. Phunziro linali la kusakaniza mitundu. Sanalembe tanthauzo lililonse poyamba. Anangoti gulu lililonse lipeze mitundu 5 kuchokera pa katondo, wakuda ndi woyera, n'kujambula phiri monga likuonekera pawindo. Ndinaima pafupi ndi kamtsikana kena komwe kanali kutsogolo kwa katoni yake kosayamba. Kanadontheza woyera pang'ono m'katondo, n'kutakasa ndi kamtengo, n'kuyang'ana panja, n'kuonjezanso kadontho. Kanachita zimenezi kanayi. Kenako kanapaka mzere umodzi wotuwa mofiirira, n'kunong'oneza mnzake kuti, "Ndi pomwe panagumuka paja." Kankajambula chipsera chomwe madzi ndi miyala zinasiya paphiri nthawi ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Palibe anakauza kutero. Mawu a Chingerezi a phunzirolo madamu anawalemba pa bolodi kumapeto, ana ali kale ndi utoto m'zala, ndipo ndinaona kuti sanavutike kuwagwira.

Namondwe yemweyo ndiye anawaphunzitsa kusunga. Ahedi anatiuza kuti anthu othawa madzi anagona m'makalasi awo milungu ingapo, ndipo zonse zomwe ana anapanga zinanyowa, zina n'kusanduka nkhuni. Atayambiranso anapatula kachipinda kakang'ono ka pakati pa makalasi awiri. Muli thandala la nsungwi lokwera kuti chiswe chisafike, zidebe zovindikira zosungiramo utoto wouma, ndi kope lolembamo chilichonse chotuluka ndi cholowa. Utoto amausunga uli ufa, phala la chinangwa amaphika tsiku lomwelo, chifukwa likagona limasasa ndipo mphemvu zimadya zithunzi. Pakhoma anamata kalendala yotolera zinthu: makoko a chimanga ndi mapesi mu Epulo ndi Meyi pokolola, zikho zikauma mu Juni, dongo ndi katondo mvula ikatha, nsungwi ndi bango m'chilimwe. Ine kachipinda ndi kalendalayi ndizo ndinaziona zazikulu pa ulendo wonse. Kwathu timakumbukira dongo tsiku lomwe mutu wa zoumba wafika pa sikimu, ndondomeko ya zophunzitsa za teremu, mwina mu Febuluwale madambo atadzaza madzi, ndiye n'kumati zipangizo palibe.

Titadya nsima ya nandolo ndi zinanazi za komweko, anatitengera pansi pa mtengo wa mango pomwe panali bambo wina wachikulire wa m'mudzi woyandikana nawo, yemwe amabwera Lachinayi lililonse. Anali atagoneka mathunthu awiri a nthochi pansi, n'kuyalapo zipapati 10 za mtengo wouma, pakati pake atazika timitengo kuti zisakhudzane. Amenewa ndiwo mangolongondo. Oimba amakhala awiri moyang'anizana, wina uku wina uko, ndipo kamnyamata kachitatu kamabwezera zipapati zikamasuntha. Bamboyo anati ali mwana ankaimba kumunda podikirira anyani.

Chomwe chinandigwira mtima ndi kachunidwe kake. Chipapati china chinkalira mokwera kuposa momwe ankafunira. Anachitembenuza, n'kusema pang'ono pakati ndi kasemasema, n'kuchigogoda, mawu n'kutsika. China chinali chotsika, anachisema kunsonga, mawu n'kukwera. Kenako anapatsa kasemasema mnyamata wa Sitandade 7 n'kumuuza kuti, "Iwe, usathamange. Sema kamodzi, umve. Ukadya kwambiri subwezeranso." Mnyamatayo anasema, n'kugogoda, n'kupendeketsa mutu kumvetsera. M'buku muli mutu wa kukwera ndi kutsika kwa mawu, ndipo ine ndakhala ndikuuphunzitsa pojambula makwerero pa bolodi. Mnzanga wa Sitandade 8 anandikodola n'kunena chapansipansi kuti nthochi zathu zambiri ku Thyolo zinatha ndi matenda a chisaka, mathunthu tikawapeza kuti. Bamboyo anamva. Anati mitolo iwiri ya udzu yomangidwa zolimba imagwiranso ntchito, kungoti mawu ake sanona ngati a pa nthochi.

Za mtengo wosemera anatiuza mosabisa kuti mkungudza sakhudza. Ndi mtengo wa fuko lathu, kwawo kwenikweni ndi phiri lomweli, ndipo watsala pang'ono kutheratu. Ana amasemera mitengo ya malaina ndi nthambi zogwa zokha. Zinandisangalatsa kuti nkhani yosamala phiri ikulowa m'phunziro la zaluso popanda kuikakamiza, makamaka pano pomwe bungwe la UNESCO linaika phiri la Mulanje m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse mu 2025.

Ana anatitsazika ndi tchopa, gule wa Alhomwe. Guleyu analowa m'kaundula wa UNESCO wa miyambo ya makolo mu 2014, ndipo akuluakulu povina amavala zikopa ndi nthenga, ena atabereka mitolo ya zida za kumunda, za kusaka ndi ziwiya zakale. Anawa zovala anapanga okha ndi ziguduli, khonje ndi makungwa ouma a nthochi, m'miyendo atamanga maseche a zitsekerero za mabotolo. Ahedi anavomera kuti makolo ena a mipingo sanafune ana awo avine gule wokhudzana ndi nsembe za makolo. Anakhala nawo pansi pamodzi ndi amfumu ndi a komiti, ndipo anagwirizana kuti mwana woteroyo asakakamizidwe, azithandiza kusoka zovala kapena kujambula.

Pokambirana madzulo sitinagwirizane pa zonse. Mmodzi wa ife, mphunzitsi wakhama yemwe ana ake amasankhidwa chaka ndi chaka, ananena kuti mayeso a MANEB a Sitandade 8, pepala la Arts and Life Skills, ndi olemba, ndipo palibe amene adzafunse mwana kuti asinje katondo. Anati makolo amatiweruza ndi chiwerengero cha opita ku sekondale, ndipo nthawi yosefa dothi ndi nthawi yobwereza mapepala akale. Sanalakwe, ndipo sindimuweruza, chifukwa katundu wa Sitandade 8 ndinausenzapo. Koma ine ndikuti Sitandade 5, 6 ndi 7 tilibe chowiringula. Ndiponso mwa ana 96 aja si onse adzapeze malo ku sekondale. Ena adzakhala akalipentala, atelala, osema ndi oimba, ndipo ngati sukulu siwapatsa mpata wogwira chida ali ndi zaka 11 kapena 12, tidzakhala titawasunga zaka 8 osaona chomwe manja awo amatha. Madamu a Sitandade 6 anangoonjezapo kuti tsiku la zaluso ndi lomwe ana sajomba.

Tinagwirizana zinthu zochepa zoti tingakwanitse. Sukulu iliyonse ipeze malo otsekeka osungiramo zipangizo teremu ino isanathe, ndipo tikapemphe makomiti kuti pa ndalama ya SIG, yomwe boma limapereka yotukulira sukulu, apatulepo ya zidebe, loko, singano ndi ulusi, poti izi zokha ndiye zofuna kugula. Aliyense akalembe anthu aluso a m'midzi yozungulira sukulu yake, oumba, oluka, osema ndi oimba ng'oma, n'kukawaona kudzera kwa amfumu. Anzathu a ku Mulanje adzabwera kwathu teremu ya mawa, ndipo tinawalonjeza kuti adzapeza kalendala yathuyathu, yogwirizana ndi zomwe zimapezeka ku Thyolo.

Tinafika pa boma mdima utagwa, ine nditanyamula kachitini ka katondo wosefa komwe mayi aja anandipatsa. Lolemba ndinakaika patebulo m'kalasi mwanga n'kufunsa ngati alipo akudziwa pomwe pamapezeka dothi lotere. Manja anakwera oposa 20, ndipo mnyamata wina yemwe chaka chonse sanayankhepo funso anati kuseri kwa dimba la agogo ake kuli lofiira ndi lachikasu lomwe. Tapangana kuti Lachisanu tikaweruka tipita ndi makasu awiri ndi thumba, ndipo ahedi alola kuti kachipinda komwe munali madesiki othyoka tikakonze Loweruka.