Mlatho umayamba kugwa pansi pa madzi

Tsiku limene tinakaona mlatho wina umene unagwa ndi chigumula, aliyense maso anali pa konkire yong'ambika pamwamba. Ine ndinatsetserekera kumadzi ndi nsungwi yaitali, n'kupisa m'mbali mwa mzati wapakati umene unali utapendama. Nsungwi yonse inamira osagunda pansi.

Milatho yambiri imagwa chonchi. Mtsinje ukadzaza, madzi amazungulira mzati mwaukali n'kumakumba mchenga wa pansi pa maziko, mpaka mzatiwo kutsala lende. Mitengo yokokoloka ikadzakodwa pomwepo, ndiye basi. Mlatho wa Schoharie Creek m'chigawo cha New York ku America unagwa motere mu 1987, anthu 10 n'kufa.

Choncho pojambula mlatho watsopano ndinakakamira chinthu chimodzi: pakati pa mtsinje pasakhalenso mzati. Anzanga ena ankati tingomanga pamene panali wakale kuti magalimoto ayambe kuwoloka msanga. Ndinkawamvetsa, anthu anali pamavuto, koma ndinakana. Ubwino wa chitsulo ndi womwewu, chimatha kudumpha mamita 60 kuchoka tsidya lino kufika tsidya linalo popanda chochirikiza pakati. Tinasankha zitsulo zolumikizana m'makona atatuatatu, kamangidwe kamene injiniya wa ku Britain James Warren analembetsa umwini wake mu 1848. Lole ikakwera, zitsulo za pamwamba zimapanikizika, za pansi zimakokeka, zopingasazo n'kumapatsirana katunduyo mpaka kumtunda.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti mlatho wachitsulo umayenda. Kukatentha umatalika, kukazizira umabwerera. Pa mamita 60, kutentha kukasintha ndi madigiri 40, umasuntha pafupifupi masentimita atatu. N'chifukwa chake mbali imodzi timaimanga nganganga, inayo timaikhazika pa mabering'i kuti izitsetsereka, n'kusiya kampata pamsewu. Kampata kameneka kakadzaza dothi, mphamvu yonseyo imakankha khoma la m'mphepete. Mtima umandipweteka ndikaona udzu utamera mmenemo.

Dzimbiri nalo silichedwa pamene madzi amadikha, makamaka m'malumikiziro a mabawuti, ndiye paliponse tinasiya potulukira madzi.

Koma nthawi yambiri inathera pa zimene palibe adzazione. Tinaboola nthaka mbali zonse ziwiri mpaka kupeza thanthwe, mizati ya maziko n'kukakhazikika pamenepo, m'mphepete n'kuyalamo miyala ikuluikulu. Za kutalika kwa mlatho kuchoka pamadzi, mawerengero anga ndinakawatsimikizira pa mtengo wina wa m'mbali mwa mtsinje, pamene zinyalala za chigumula chija zinali zikadali zokodwa m'nthambi, pamwamba pa mutu wanga.