Tidakaona magetsi a pachilumba cha Eigg

Gulu lathu lidakwera sitima yapamadzi ku Mallaig, ku Scotland, kupita ku Eigg, chilumba cha anthu pafupifupi 100 chomwe nthambo za gridi yaikulu, yomwe imagawa magetsi m'dziko lonse, sizifikako. Nyanja idawinduka, moti anzathu awiri adafika ali lefuu.

Anthu a kumeneko adagula chilumbachi mu 1997, ndipo magetsi awoawo adayaka mu February 2008. Kale mabanja ambiri ankadalira majenereta awoawo. Lero magetsi amachokera ku madzi, mphepo ndi dzuwa. Makina a madzi aakulu, a 100 kW (makilowati, muyeso wa mphamvu ya magetsi), ali ku Laig, ndipo a mphepo alipo 4, a 6 kW lililonse. Majenereta a dizilo alipobe, koma amalira pokhapokha zinthu zikavuta.

Tidakhalitsa m'nyumba ya mabatire. Bambo amene ankationetsa adati poti kulibe gridi yoti aitsatire, ma inveta a mabatirewo, omwe amasintha magetsi a m'mabatire kukhala ogwiritsa ntchito m'nyumba, ndiwo amaimba ng'oma, makina ena onse n'kumavina potsatira 50 Hz, kutanthauza kuti magetsi amasinthasintha ka 50 pa sekondi. Magetsi akachuluka mabatire atadzaza, nambalayo imakwera pang'ono, zotenthetsera za m'holo ndi m'matchalitchi n'kuyaka zokha. Ine apa ndidagwira pakamwa.

Nyumba iliyonse siloledwa kupyola 5 kW nthawi imodzi, bizinesi 10 kW. Mukapyola, magetsi amathima kwanu kokha. Amayi ena adatiuza akuseka kuti ketulo ndi makina ochapira amadikirana.

Pobwerera tidaima pafamu ina kumtunda, yolumikizidwa ku gridi, denga lodzaza ma sola. Mnzathu adafunsa ngati eni famuyo sadziwa mdima gridi ikazima. Mwini famu adapukusa mutu. Inveta yawo imangotsatira gridi, ndipo gridi ikazima nayo imazima, ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Idapangidwa dala choncho kuti isatumize magetsi m'mawaya amene amisiri akukonza. Kuti aziyenda paokha pafunika mabatire, inveta yotha kutsogolera, ndi switchi yodula famuyo ku gridi. Gridi ikayakanso sangolumikiza mwachisawawa, ayenera kudikira kuti mbali ziwirizo zigwirizane kayendedwe.

M'galimoto tidatsutsana mpaka usiku. Ena ankati kukhala ndi gridi n'kwabwino poti zotsala umagulitsa. Ine maganizo anga adatsalira pa malire a 5 kW aja, omwe anthu a ku Eigg adagwirizana okha.