Lachinayi: kachitini ka azakhali

Ndadzuka 4 koloko kusanache. Magetsi anazima dzulo madzulo, ndipo kumpopi ino ndi sabata yachiwiri osadontha ngakhale kadontho. Ndiye ndayamba ndi kumjigo, zigubu ziwiri pa wilibala. Kuno ku Mufakose, mu Harare, ukagonereza, tsiku limenelo susamba.

Cha m'ma 6 ndinali nditafika kale kumsika wa Mbare Musika kukapikula tomato ndi repu. Malole a ku Mutoko anabwera ochepa, bokosi lakwera ndi dola imodzi kuposa Lolemba. Tinakanganako pang'ono ndi wogulitsa chifukwa anakana dola yanga ati yang'ambika pakona, ndalama ya Zimbabwe ya ZiG nayo amailandira monyinyirika. Sindimuda. Ndalamayi inabwera mu Epulo 2024, pofika kumapeto kwa Seputembala dola ya ku America inalumpha tsiku limodzi kuchoka pa ma ZiG 14 kufika pa 24. Patangopita masiku ochepa, mu Okutobala, moto unapsereza msika usiku, matumba anga a nyemba ndi kapenta n'kupsera momwemo. Mpaka lero ndikadutsa mbali imeneyo m'mimba mumandiwira.

Malonda anayenda mwa apo ndi apo. Eni nyumba anditumizira uthenga kawiri. Bambo a ana ku Joni foni yawo sikupezeka kuyambira Lamlungu.

Masana ndinasiyira mwana benchi n'kukwera kombi ya ku Highfield kukazonda azakhali, amene miyendo yatupanso. Ndinawapeza atakhala pamphasa pakhonde, atafunda chitenje ngakhale dzuwa linali likuswa mtengo.

"Wabwera mwanawe? Nkhope yagwa chonchi bwanji, wafedwa?"

Ndinafuna kuyankha kuti ndili bwino koma pakamwa panangotseguka pokha. Ndinawakhuthulira zonse, za lendi, za fizi, za foni yosayankhidwa. Mwina ndinalankhula theka la ola. Iwo anangoti duu, kenaka anati, "Kanditengere kachitini kali pansi pa bedi."

Kachitini kameneka ndimakadziwa kuyambira ndili mwana koma ndinali ndisanakaonepo m'kati. Anayamba kutulutsa chimodzichimodzi n'kumayala pamphasa ngati munthu woyala malonda. Choyamba kabuku ka penshoni ka malemu amuna awo. Iwowo anachoka ku Dedza pa malole a Ulere, onyamula anthu odzagwira ntchito kuno, dziko likadali Nyasaland, azakhali n'kuwalondola pambuyo ali kamtsikana. Malemuwo anagwira ntchito m'fakitale ina ku Southerton mpaka imvi mbuu, koma pamene ndalama inasanduka mapepala mu 2008 penshoni yonse sinakwane ndi buledi yemwe. Kenaka anatulutsa ndalama zakale: mpukutu wa ma bearer cheque womanga ndi labala, pepala limodzi la 100 trillion lija linatuluka mu 2009, ndi ma bond note awiri a 2016. Kenaka chitupa chakale cholembedwa kuti ndi mlendo, chonsecho ana awo onse anabadwira konkuno. Pansi penipeni panali kiyi.

"Iyi ndi ya tinyumba tanga tiwiri ta kuseri," anatero. "Alendi ankandidyetsa. Anatigwetsa nthawi ya Murambatsvina, 2005, boma likugumula nyumba zimene linkati n'zosaloledwa. Chitseko chinapita, kiyi ndinatsala nayo."

Anaseka mpaka kutsokomola. Ine sindinaseke.

"Chilichonse mwa izi, mwanawe, tsiku lina ndinachiyang'ana n'kunena kuti basi, ukalamba wanga uli apa."

Za mwana wawo wachiwiri, amene kolera inamutenga ku Budiriro chaka chija cha 2008, sanatchule. Chithunzi chake anangochitembenuza n'kuchibwezera.

Ndiyenera kulemba zoona, poti ndi buku langa lino. Mumtima ndinkati, nanga zimenezi zinditonthoza bwanji? Ndinabwera kuti wina andiuze kuti zikhala bwino. Mu Harare muno onena mawu amenewo ndi ambiri. Aneneri ali pangodya iliyonse, ena amagulitsa mafuta odzozedwa ndi tizibangili, kulonjeza galimoto chaka chisanathe. Inenso ndinapitako kamodzi moto uja utachitika, ndinasiyako madola asanu amene ndikanagula nawo ufa. Chikomekome cha nkhuyu. Azakhali chibadwire changa sanandiuzepo kuti zikhala bwino, ndipo lero ndinawafunsa chifukwa chake, mwaulemu ndithu koma mawu akunjenjemera.

"Ndikunamizirenji? Mwina zikhala bwino, mwina ayi. Tsegula Habakuku 3, uyambire ndime 17."

Maso awo anasiya kuona zilembo, choncho ndinawerenga ndine. Mneneri uja akuwerengetsera zotayika zake ngati mlimi: mkuyu sunaphuke, mpesa ulibe zipatso, m'munda mulibe chakudya, m'khola mulibe nkhosa ngakhale ng'ombe, komabe iye akondwera mwa Yehova. Ndisanamalize azakhali anali atayamba kuikamo zawo. "Ngakhale penshoni ipse. Ngakhale kiyi ikhale yopanda chitseko. Ngakhale miyendo ikane." N'kundiloza ndi chala: "Ikamo zako." Ndinati ngakhale nyemba zipse, ngakhale foni isalire. Apo ndiye ndinaseka, misozi ili m'masaya.

Chandikhala m'mutu mpaka tsopano n'chakuti Habakuku uja sakunena kuti mkuyu udzaphuka chaka chamawa. Sanapangane ndi Mulungu za malonda, zoti ine ndikupembedzani inu mundidzazire khola. Kholalo lili pululu ndipo iye akuimba. Ine chiyembekezo changa nthawi zambiri chimakhala ndi tsiku lake, monga pa 30 mwezi uno. Cha azakhali chilibe tsiku. Chakhala pa Yesu amene anafa n'kuuka, ndipo amati ameneyo palibe angamusinthe mtengo usiku anthu ali m'tulo.

Cha m'ma 3 anafika amayi asanu a kumpingo, poti Lachinayi ndi tsiku lawo, atavala zoyera zawo, wina atasenza kathumba ka ufa. Mpingo wa CCAP kuno unayamba ndi anthu ngati malemu aja, obwera kudzagwira ntchito m'migodi, m'mafamu ndi m'mafakitale, ndipo sinodi ya kuno inakhazikitsidwa mu 1965 mzindawu ukadatchedwa Salisbury. Ana athu lero amayankha m'Chishona ukawafunsa m'Chichewa, koma nyimbo zimaimbidwabe m'chinenero cha kwathu. Mayi amene analalikira anawerenga Ahebri 13:14, kuti pano tilibe mudzi wokhalitsa, tikufunafuna ulinkudzawo. Sanafunike kumasulira. Aliyense pakhonde paja ndi mtchona kapena mwana wa mtchona. Ku Malawi amati ndife a ku Harare, kuno amati ndife a ku Malawi. Azakhali anapita ku Dedza komaliza ine ndisanakwatiwe, anakapeza munda wa amayi awo akulima anthu ena. Anabwerako n'kukalipira ku bungwe lawo la maliro, akuti mundiike konkuno, Mwini wake sadzasochera pondifuna.

Potsanzika anandikoka dzanja n'kumasula mfundo ya pachitenje. Madola awiri, omwe amayi aja anali atangowapatsa kumene.

"Iyayi azakhali, ndi zanu za mankhwala izi."

"Tenga iwe. Ukufuna ndiziike m'kachitini?"

Ndinalandira ndi manja awiri. Imodzi ndakwerera kombi, inayo ndagula makandulo ndi mchere.

Tsopano ndi 11 koloko, magetsi angobwera kumene, nyumba zonse mumzere uno ayatsa mawailesi nthawi imodzi. Ndiyenera kusita yunifolomu ya mwana asanazimenso. Eni nyumba ndawayankha kuti ndiwaona Loweruka, ngakhale chokawapatsa sindinachione. Foni ya ku Joni ndayesanso kawiri. Tomato watsala theka la bokosi ndipo wina wayamba kufewa, ameneyo mawa ndigulitsa motchipa.