Tsiku limene chala changa chinasanduka resistor

Achemwali anga atatchula za chinkhoswe, ndinadzigunda pachifuwa. "Za maikolofoni musabwereke kwa munthu, achemwali. Ndipanga ndekha." Ndinali nditangophunzira za transistor, kachipangizo kamagetsi kamene kamatha kukweza mawu, ndiye mutu unali utakula.

Ndinagula transistor yotchedwa BC547, kanthu kochepa ngati njere ya nyemba, ka miyendo itatu: collector, base ndi emitter. Kameneka n'kovuta ngati mlendo. Base ukaimana magetsi, osafika mavolti pafupifupi 0.7, kamagona tulo, ndiyo amati cutoff. Ukaipakulira mopitirira, kamakhuta mpaka kulephera kuyankhula, ndiyo saturation. Mawu kamakweza pakatikati pokha. Pa batire la mavolti 9 ndinkafuna resistor, kachipangizo kochepetsa magetsi opita ku base, ya 1 megaohm, yodziwika ndi mizere ya bulauni, yakuda ndi yobiriwira. Koma usiku umenewo magetsi anathima, ndipo pa kandulo ndinatola ya mzere wa olenji m'malo mwa wobiriwira, ya 10 kilo-ohm, imene imadutsitsa magetsi ochuluka kwambiri. M'mawa ndinawotcherera mothamanga, osayesa n'komwe.

Ankhoswe a kuchimuna anaimirira, jekete lositidwa bwino, n'kuyamba kuyankhula. Sipika zii! Maso onse kwa ine. Ndinakwawira kunsi kwa tebulo ndi mita yanga yoyezera magetsi, ndipo pa collector sipanafike ndi mavolti 0.2 omwe. Kakhuta. Ndinadula resistor ija ndi pulayazi, kanthu kaja n'kugoneratu. Ina ndinalibe.

Ndikugwiragwira mothedwa nzeru, chala chinakhudza base ndi waya wa batire nthawi imodzi. Mawu a ankhoswe anatuluka, ali ndi kamkonono pang'ono koma omveka. Khungu la munthu nalo limadutsitsa timagetsi pang'ono, ndipo langa linapereka muyezo umene base inkafuna. Amayi anaimba nthungululu.

Basitu ndinakhala pomwepo, chogwada, chala chili phee. Thukuta likachuluka, magetsi ankadutsa ochuluka ndipo mlangizi ankamveka ngati chule. Ndikapukuta chalacho pa buluku, mawu ankaduka. Ntchentche itanditera pamphuno ndinaipirikitsa, malume ali pakati potchula ndalama imene apereke. Mpaka lero akuti anatchula yochepa.

Mpunga ndi nkhuku zinandidutsa ndikuziona. Chakumadzulo agogo anawerama n'kusuzumira kunsi kwa tebulo.

"Mdzukulu wanga, wapemphera mokwanira. Banjali lilimba, tuluka."

"Sindingathe, agogo. Apongozi sanayankhule."